Popanda Siginecha ya Ahedi

Ine sinditaya pepala. M'kachipinda ka kumapeto kwa nyumba yathu ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, kamene mayi a kunyumba amakatcha nkhokwe ya njenjete, muli mafayilo kuyambira pansi mpaka kudenga. Muli makalata a ntchito, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, matikiti a ndege imene inatibweretsa kuno, ngakhale timapepala ta zolengeza za kutchalitchi. Anthu amandiseka nazo. Aseke. Tsiku limene wina wakana mawu amene ananena yekha, woseka yemwe uja ndi amene amakwera masitepe onse a nyumba yathu, ali wefuwefu, kudzafunsa ngati ndinasungako kope. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse mmene zinandiwawira tsiku limene ndinauzidwa, pamaso pa anzanga a ntchito, kuti teremu yonse sindinalembe kanthu.

Ndinkayang'anira laibulale pa sukulu ina ya sekondale kutsidya kwa mtsinje, chakufupi ndi Shawlands. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwathu ku Malawi ndikadali mnyamata, ndipo imvi zinandimera ndili pakati pa mashelefu. M'mawa ndinkakwera basi yolowa m'tauni, n'kusinthira ina yowoloka mtsinje. Nyengo yachisanu ndinkafika kusanache bwino, n'kuweruka kutada. Laibulaleyo inali chipinda chachitali cha pamwamba, mawindo ake oyang'ana madenga onyowa, ndipo mapaipi otenthetsa m'chipindamo ankalira ngati m'mimba mwa munthu amene sanadye. Nthawi ya nkhomaliro ana ankadzaza. Ena ankabwera kudzawerenga, ena kuthawa mvula, ena kuthawa anzawo. Sindinkafunsa kuti wina wadzera chiyani. Ndinkangofuna kuti jekete lonyowa lisakhudze buku.

Chaka china, sukulu itangotsegulira, ahedi anakwera kudzandipeza. Anali mayi wa konkuno, wamtali, wolankhula maso ali kale pakhomo lotulukira. Sanali woipa mtima, ndinene zimenezo poyambirira. Sanazungulire. Chipinda changa chinkafunidwa. Aphunzitsi ena ankafuna kuti chisanduke cha makompyuta, mabuku agawidwe m'makalasi pa timashelefu ta matayala. Komiti ya sukulu inali yoti idzagamule kumapeto kwa teremu.

"Ine sindikufuna kuti laibulale ithe," anatero, "koma ndikufuna chinthu choti ndikawaonetse. Yambitsani bulogu. Makolo aone, ana aone, a komiti aone kuti muno muli moyo."

"Bulogu n'chiyani, ahedi?"

"Ili ngati nyuzipepala ya pakhoma, kungoti khoma lake ndi intaneti. Inu mumalemba, anthu amawerenga."

Nyuzipepala ya pakhoma ndinkaidziwa bwino, mwina kuposa iwowo. Mawu amenewo ndi amene anandisokeretsa, ndipo mpaka lero ndimati mlandu wake tigawane.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi a kunyumba, tikudya. Sanamve chisoni mwachangu.

"Inu bambo, foni yomweyi mukafuna kuimba mumayamba mwajambula denga. Ndiye ziti za bulogu?"

"Mabuku pa matayala," ndinatero, "ngati tomato wa pamsika. Mwana akafuna pokhala, akakhala pa tayala?"

"Ndiye phunzirani," anatero, n'kundiwonjezera ndiwo. "Mkwiyo wokhawo sukusungirani chipinda."

Akuluakulu a ku ntchito anatitumiza ku maphunziro a masana amodzi, ine ndi anzanga a m'masukulu ena. Wotiphunzitsa ankathamanga ngati wasiya mphika pamoto. Akati dinani apa, ine ndikufunafuna apa wakeyo, iye ali kale patsamba lina. Kachipangizo kolozera kaja amakatcha mbewa, ndipo ndinaseka ndekha poganiza kuti mbewa imene kwathu tinkaikumba ndi khasu, kuno yandigwira dzanja n'kumandikokera kumene ikufuna. Pepala la malangizo limene anatipatsa ndili nalo. Ndaliwerenga mobwerezabwereza kufunafuna pamene linanena chinthu chimene chinali chofunika kuposa zonse, ndipo palibe.

Komabe ndinaphunzira. Ndinkafika ana asanabwere, n'kukhala pa kompyuta ya pa desiki langa, magalasi ali pamphuno. Pasiwedi inandikana kangapo chifukwa ndinkaiyamba ndi chilembo chachikulu, monga mmene chiganizo chilichonse chaulemu chimayambira. Chithunzi changa choyamba cha chikuto cha buku chinalowa chozondoka, n'kukhala choncho mpaka Lachisanu. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera. Ndinadziwa kuika chithunzi pamalo pake, kulumikiza mutu wa buku ndi kaundula wathu wa pa intaneti kuti mwana aone ngati lilipo kapena labwerekedwa, ndiponso kukonza kabokosi koti ana azivotera buku limene alikonda. Zimenezi zinandisangalatsa kuposa mmene ndinkaonetsera. Kusanja nkhani m'magulu ndi kuziika timawu tozipezera ndi ntchito yomwe ija ya makadi a m'madirowa, kungoti siicheka zala.

Pansi pa bokosi lolembamo panali mabatani awiri. La kumanzere linali lotuwa, ndipo mawu ake a Chingerezi ankatanthauza kusunga. La kumanja linali labuluu, lokulirapo, lotanthauza kufalitsa. Nkhani iliyonse ikatha ndinkadina la kumanzere. La kumanja sindinalikhudzepo, ndipo sikuti sindinkaliona.

Pa sukulu yanga yoyamba kwathu, nthawi ija ya chipani chimodzi, tinali ndi nyuzipepala ya pakhoma yeniyeni, thabwa lalikulu pakhonde la laibulale. Ana ankalemba ndakatulo, nkhani za mpira ndi madandaulo a nyemba zofumbwa za kudayiningi, ine n'kumazitayipa pa makina. Koma pepala silinkakwera pathabwa lisanadutse ku ofesi. Ahedi a kumeneko ankaliwerenga mzere ndi mzere, cholembera chofiira chili m'manja, kenako n'kusayina pakona ya m'munsi ndi kudinda chidindo. Mapepala ena ankabwerako atakhwatchidwa pakati. Ena sankabwerako n'komwe, ndipo sunkafunsa. Lamuloli palibe amene anatilembera. Tinkangolidziwa, monga mmene mwana amadziwira kuti kuchipinda kwa makolo salowako. Tinkamva mphekesera za aphunzitsi a kwina amene anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mwambi umodzi wa m'ndakatulo ya mwana. Zoona kapena zabodza, ife zinatikwanira. Woyang'anira laibulale ankasonkhanitsa, kukonza, kusunga ndi kudikira. Kufalitsa inali ntchito ya mwini siginecha.

Choncho nditaona mabatani awiri aja sindinadabwe. Ndinati lotuwalo ndi langa, labuluulo ndi la ahedi. Ndinkaganiza kuti ndikasunga nkhani imakafika pa kompyuta yawo, iwo n'kuiwerenga akapeza mpata, n'kudina batani lawo. Ndinayamikira mumtima kuti opanga makinawa ndi anthu odziwa dongosolo.

Ndinalemba teremu yonse. Ndinalemba za mabuku atsopano, za kagulu kathu kowerenga ka Lachitatu, za shelefu ya pakona imene ndinaikapo mabuku a zinenero za kumakomo kwa ana athu, Chipolishi, Chiudu, Chiarabu, ndi angapo a Chichewa amene ndinabwera nawo m'sutikesi. Ana nawo ankandipatsa zimene alemba zokhudza mabuku amene awerenga, ine n'kuzikonza ndi kuzilowetsa. Nkhani iliyonse ndikaisunga ndinkaisindikizanso papepala, kuiboola, n'kuiika mu fayilo yobiriwira, nditasiya malo pakona ya m'munsi.

Anzanga a maphunziro aja anatsegula kabwalo ka pa intaneti kokambirana za ntchito yathu, ndipo anandilowetsamo. Ndinkawerenga osalankhula. Wina ankati walemba nkhani m'mawa, masana n'kutiitana kuti tikaione pa bulogu yake, ndipo inalipodi. Ndinkapukusa mutu n'kumati anzathu ali ndi mwayi, ahedi awo amasayina tsiku lomwelo. Mwinanso, ndinkatero mumtima, sawerenga n'komwe, amangodina. Zimenezo sindinkazisirira.

Tikakumana m'khonde ahedi athu ankafunsa osaima, "Bulogu ikuyenda?"

"Ikuyenda, ahedi. Zonse zili m'manja mwanu."

"Zosangalatsa!" ankatero, n'kupitirira. Iwo ankayesa ndi ulemu chabe wa bambo wachikulire. Ine ndinkayesa andimva. Masabata ankapita ndipo ndinayamba kuona kuti akuchedwa, koma mkulu wa pa ntchito sumukumbutsa ngati mwana amene waiwala kutsuka mbale. Ana akafunsa, m'Chingerezi chawo cha Glasgow chomeza zilembo chija, kuti nkhani zawo zituluka liti, ndinkati zili ku ofesi. Iwo ankangokweza mapewa n'kubwerera ku mabuku awo.

Komiti itatsala pang'ono kukumana, tinali ndi msonkhano wa aphunzitsi ndi ogwira ntchito tonse, Lachisanu ana ataweruka. Itafika nkhani ya chipinda changa, ahedi anati tiyeni tione bulogu ya laibulale, n'kuionetsa pakhoma ndi makina. Pamwamba panatuluka dzina la laibulale ndi chithunzi cha mashelefu chimene ndinajambula ndekha. Pansi pake panali poyera ngati mbale yonyambitidwa. Mphunzitsi wa makompyuta, amene ankafuna chipindacho kuposa wina aliyense, anatsokomola kachifuwa kosadwala.

"Ndinkayembekezera kuti pofika lero mukhala mutalembapo kanthu," ahedi anatero motsitsa mawu. Kutsitsa mawuko n'kumene kunandipweteka.

Ndinatuluka, ndinakwera masitepe, ndinabwera ndi fayilo yobiriwira n'kuiika patebulo pamaso pawo.

"Izi zonse tinalemba ine ndi ana. Madeti ali pamwamba pa tsamba lililonse."

Anatsegula, anatembenuza masamba, nkhope n'kusintha. "Izi ndi zabwino kwambiri. Koma zili papepala. Pa bulogu palibe."

"Palibe chifukwa simunavomereze."

"Kuvomereza chiyani?"

Ndinaona ngati akundinyoza. Munthu wakhalira ntchito yanga teremu yonse osaiwerenga, lero akufunsa kuti kuvomereza chiyani? Ndinanyamula fayilo yanga. Iwo anati tikambirane Lolemba, koma ndidziwe kuti a komiti sadzatsegula fayilo, adzatsegula mafoni awo. Pa basi yobwerera ndinalemba kalata yodandaula m'mutu mwanga, ndime ndi ndime, ndipo pofika ku Dennistoun inali itatalika kuposa ulaliki.

Lamlungu titatuluka m'mapemphero, tikumwa tiyi m'holo ya tchalitchi, mayi a kunyumba anaulula nkhani yonse kwa mng'ono wawo. Mlamu wangayu amagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina ya zachuma m'tauni, ndipo chiyambire pamene ndinkafunsira mkulu wake sanasiyepo kundiputa.

"Ndamva kuti akuberani nkhani, alamu," anatero, bisiketi ili m'manja. "Tiyeni kwathu ku Gorbals tikamugwire wakubayo. Mpunga ulipo."

"Palibe choti muone. Nkhaniyi ndi ya ulamuliro, si ya mawaya."

"Eya, tikaone ulamuliro womwewo."

Tinapita. Anatsegula laputopu yake patebulo la kukhitchini, n'kundiuza kuti ndilowe ndi pasiwedi yanga, iye atatembenukira kuwindo ngati ndikusintha malaya. Atabwerera n'kuyang'ana anaseka mpaka kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Alamu! Mwangoseva! Zonsezi ndi madirafuti, simunapabulishe ngakhale imodzi!"

"Sankhani chinenero chimodzi, alamu. Chichewa kapena Chingerezi, osati phala la zonse ziwiri."

"Chabwino, akuluakulu a mabuku. Mwalima, mwakolola, mwatuta, mwathira m'nkhokwe, mwamata. Ndiye mukudabwa kuti ana akugona ndi njala."

"Batani labuluulo si langa. Ndi la ahedi."

"Analembapo dzina lawo? Tandionetsani, mwina magalasi anuwo amaona zimene ife sitiona."

"Ndiye amawerenga ndani zisanatuluke?"

"Inuyo."

"Amasayina ndani?"

"Palibe amasayina. Ahedi anuwo izi sakuziona n'komwe. Zili m'dirowa yanu, ndipo kiyi muli nayo nokha."

"Nanga zikalakwika amatengedwa ndani?"

Mawu amenewo anatuluka okha, sindinawakonze. Mlamu wanga anatsegula pakamwa kuti asekenso, koma mkulu wake, amene ankapakula mpunga, anamulankhula osatembenuka.

"Usawaseke alamu ako. Iwe nthawi imeneyo unkasewera fulaye."

Kenako mlamu anati, mawu atafewa, "Bweretsani ndidine zonse pompano, tidye mtima uli m'malo."

Ndinakana. Laibulale si yake, ndipo ntchito ya sukulu siitulukira m'khitchini ya munthu tsiku la Sabata. Anangondionetsa mmene zimachitikira, n'kundiuzanso kuti nkhani ikafalitsidwa ukhoza kuisintha kapena kuichotsa nthawi iliyonse. Iye ankati akunditonthoza. Ine zinandidetsa nkhawa kuposa poyamba, chifukwa chinthu chimene chingasinthidwe osasiya chipsera sindichitcha cholembedwa. Koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo tinakangana nayo mpaka mpunga unazizira.

Lolemba ndinayambira ku ofesi. Kalata yodandaula ija ndinaisiya m'mutu momwemo, koma mkwiyo sunathe wonse. Ndinawauza ahedi kuti palibe amene anandiuza kuti munthu amadzivomereza yekha, ngakhale iwowo, ngakhale wa maphunziro uja, ngakhale pepala lake, limene ndinaliyala patebulo kuti adzionere. Ndinawafotokozera za thabwa la pakhonde ndi cholembera chofiira. Chiwadziwireni, tsiku limenelo ndi loyamba limene anamvetsera osayang'ana khomo. Anapepesa kuti teremu yonse sanatsegule bulogu n'kuona, ndipo kupepesako ndinakulandira chifukwa kunali koyenera.

Kenako ndinatsegula fayilo yobiriwira patsamba loyamba, n'kuwalozera pakona.

"Ndiye sayinani apa, ndikadine."

"Ayi," anatero.

"Ndi kachizindikiro chabe, ahedi."

"Ndikudziwa, koma sindisayina. Lamulo ndi limodzi, musaike nkhope kapena dzina lonse la mwana popanda chilolezo cha makolo, ndipo limenelo mumalidziwa kuposa ine. Zina zonse ndi zanu. Taganizani, ndikapita ku komiti n'kukanena kuti woyang'anira laibulale wathu satulutsa kanthu ndisanamuwerengere, akandifunsa kuti nanga tikumusungiranji."

Ndinatuluka wokwiya kuposa mmene ndinalowera.

Ndinakwera kukakhala pa desiki langa. Nkhani za mabuku atsopano sizinandivute poziwerenganso. Imene inandiimitsa inali ya mtsikana wina wa kalasi ya pamwamba, wa m'kagulu ka Lachitatu. Anayamba bwinobwino kufotokoza buku limene anawerenga, koma pakati anapatuka. Analemba kuti anthu amene akufuna kuchotsa laibulale sanakwereko masitepe nthawi ya nkhomaliro mvula ikugwa. Analemba kuti zipinda za makompyuta zimakhomedwa belu likangolira, ndipo khomo lokhalo pasukulupo limene silifunsa kuti ukufuna chiyani ndi la laibulale. Sanatchule munthu, koma aliyense akanadziwa amene akunenedwa.

Pamene ankandipatsa pepala limenelo ndinalilandira mosavuta, ndinalitayipa, ndinalisunga. Tsopano ndinazindikira chifukwa chake sizinandivute. Mumtima ndinkati kutsogolo kuli cholembera chofiira cha wina. Akanalichotsa, ndikanauza mwanayo kuti ndi a ku ofesi. Akanalilola, mphunzitsi wa makompyuta akanakwiyira ahedi, osati ine. Zaka zonse zija ndinkaona siginecha ngati chingwe chimene anatimanga nacho, ndipo chinalidi chingwe. Sindinkadziwa kuti inalinso mthunzi wousapo. Dziko lija linasintha kalekale. Anthu kwathu masiku ano amalemba zimene akufuna, ena mpaka kupyola. Ine ndinawoloka nyanja zamchere ndi chizolowezi chake, ndinachisunga bwinobwino monga mmene ndimasungira zinthu zonse, osachitsegula n'kuona ngati chikadali ndi ntchito. Sindikunena kuti ndinalakwa. Munthu amene anakulira pamalo a njoka akalumpha chingwe panjira, salakwa.

Ndinaiwerenganso nkhani ya mtsikanayo monga mmene ndimawerengera buku ndisanaliike pashelefu. Kodi ndi yoona? Zipinda zija zinkakhomedwadi, zitseko zake ndinali nditazigwirapo ndekha. Kodi ikunyoza munthu? Ayi. Kodi ikhoza kundibweretsera mavuto? Mwina. A komiti akanatha kunena kuti ndatuma mwana kundimenyera nkhondo, ndipo chipinda chikanapita chifukwa cha chomwecho. Ndikanatha kutulutsa zina zonse n'kusiya imeneyi m'dirowa, palibe akanadziwa kupatula ine ndi mwiniwake. Koma bulogu yonse inali yoti ionetse kuti m'chipindamo muli moyo, ndipo pa zonse zimene zinali mu fayilo, imeneyi ndi imene inkapuma. Ndinakonza mpatuliro umodzi. Ndinasiya dzina lake loyamba lokha. Ndinati ndiyambe ndi yomweyi.

Mbewa inafika pa batani labuluu. Ndinadina. Panatuluka kamzere kakang'ono konena kuti zatheka, basi. Mapaipi anapitiriza kulira. Maso anga anathamangira kukhomo, ndipo ndinakhala choncho kanthawi, munthu wa imvi, m'dziko la eni, kumvetsera mapazi pa masitepe. Mapazi anamvekadi. Anali ana a kalasi yoyamba odzabweza mabuku, majekete ali nyowe. Ndinawauza kuti awapachike kaye. Atatuluka ndinadina zotsalazo, imodziimodzi, iliyonse nditayamba ndaiwerenga.

Nkhani ya mtsikanayo inayenda kuposa zanga zonse, chinthu chimene sichinandikondweretse kwenikweni popeza zanga zinali zolembedwa bwino. Ana anatumizirana pa mafoni. Makolo anayamba kulemba ndemanga pansi pake, ndipo apo ndinaphunzira chinanso, chakuti ndemangazo sizioneka mpaka ine nditazilola. Ine wodikira siginecha uja ndinasanduka mwini thabwa. Ndinalola zonse, ngakhale za amene ankati mabuku a papepala ndi achikale, kupatula za otsatsa mankhwala ndi njuga. Mayi wina analemba m'Chichewa kuti sankadziwa kuti pasukulupo pali mabuku a kwathu, n'kufunsa ngati makolo amabwereka. Ndinamuyankha kuti amabwereka. Funso limenelo linali lisanafunsidwepo, ndipo sindinatsike ku ofesi kukafunsa yankho lake.

Mphunzitsi wa makompyuta anasiya kundipatsa moni. Kenako tsiku lina la mvula anakwera nthawi ya nkhomaliro, anaima pakhomo manja ali m'matumba, akuyang'ana ana atakhala mpaka pansi, m'mphepete mwa mapaipi. Anati mtsikana wolemba nkhani uja wakokomeza. Ndinati ngati akufuna kuyankha alembe, ndidzafalitsa. Sanalembe, koma mawa lake moni unabwerera.

Komiti inakumana ndipo ine sindinaitanidwe, chinthu chimene ndimachionabe kuti sichinali bwino. Inagamula kuti laibulale ikhale pamodzi ndi woyang'anira wake, koma mbali ya kumawindo iperekedwe ku mzere wa makompyuta. Mabuku akuluakulu a mamapu ndi ena ofufuzira anachotsedwa. Anati zonsezo zili pa intaneti. Si zonse. Zimene kulibe ndikhoza kuzitchula, ndipo ndinazitchula m'kalata imene kope lake ndili nalo. Koma khomo linakhalabe lotsegula nthawi ya nkhomaliro, ndipo makompyuta aja, poti anali m'chipinda changa, nawonso sankakhomedwa.

Lamlungu lotsatira nditangolowa m'holo, mlamu anakweza mawu kuti onse amve.

"Afika akonzi a nyuzipepala! Apatseni mpando wa kutsogolo, angatilembe!"

"Ndikulembani, alamu," ndinatero, "ndipo palibe woti andiletse."

Bulogu ija ndinaipitiriza mpaka pamene ndinapuma pa ntchito. Amene analowa m'malo mwanga akuiyendetsabe, ndipo ndimaiwerenga pa foni ndili pa basi, n'kumaona zolakwika za kalembedwe zimene sindingathenso kukonza. Kusindikiza papepala sindinasiye mpaka tsiku lomaliza. Fayilo yobiriwira ili m'kachipinda kaja, ndipo masamba a teremu ija ali ndi malo opanda kanthu pakona ya m'munsi, pamene ndinasiyira ahedi. Tsamba lokhala ndi siginecha ndi limodzi lokha, la mtsikana uja. Ndinalisayina ndekha Lolemba lomwe lija, ndisanadine batani, kuti wobwera kudzatenga munthu asavutike kufunafuna.